Kingstone Kachingwe Apikisana ndi Chule

Kingstone Kachingwe anali asanapambanepo mlandu wooneka ndi maso, koma mkanjo wake wakuda unali wositidwa bwino kuposa wa loya wina aliyense m'Kabwe. Ankausita yekha ndi simbi yamakala kwa makolo ake ku Kasanda, n'kuupinda mosamala, kuumanga pa kaliyala ya njinga, ndi kupalasa pang'onopang'ono kuti fumbi la kumgodi lisaudetse. Akayandikira m'tauni ankatsika n'kubisa njingayo kuseri kwa sitolo ina ya nsalu, chifukwa m'maganizo mwake loya sankayenera kuoneka akupalasa. Aliyense ankadziwa kumene njingayo inkakhala.

M'chaka cha 1984 Bungwe la Maloya Achinyamata a m'Kabwe linali ndi chisankho. Bungwelo silinali lalikulu: mamembala onse ankakwana m'chipinda chimodzi cha kalabu ina ya pafupi ndi njanji, mipando ina n'kutsala. Koma wapampando anali ndi ulemu umodzi umene Kingstone ankaulota usana ndi usiku. Khoti Lalikulu likamatsegulira milandu ya chaka chatsopano, wapampando ndiye ankaimirira pamaso pa jaji ndi alendo onse n'kulankhula m'malo mwa maloya achinyamata. Kingstone anali atauza kale bambo ake, a Saulos, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kukalambira pansi pa mgodi, kuti akonzeretu jekete. Mdalayo anaitulutsa m'sutikesi tsiku lomwelo n'kuiyanika pa chingwe, ndipo dzuwa lisanalowe Kasanda yense anali atamva kuti mwana wa a Kachingwe akukalankhula pamaso pa jaji.

Vuto linali Exildah Daka, loya wachitsikana amene nayenso ankafuna mpandowo. Makolo ake anali a ku Petauke. Iye ankaimira anthu osauka kukhoti, ankalankhula mwachidule, ndipo milandu ankapambana.

Kingstone ankagwira ntchito m'kaofesi kamodzi ndi Fabian Sakala, mnzake wa kusukulu ya zamalamulo ku Lusaka. Tsiku lina masana akudya mabanzi ndi tiyi wopanda shuga, pakuti shuga anali atasowanso m'masitolo, Fabian anamuyang'ana momvetsa chisoni.

"Kaunselo," anatero, ndi mmene maloya ankaitanirana, "nikuuze zoona? Uzaluza, mwana. Anthu bamufuna Exildah."

"Chisankho sichipambanidwa ndi chikondi, Kaunselo. Chimapambanidwa ndi malamulo."

"Malamulo yati?"

"Amene ndinalemba ine."

Zinalidi choncho. Bungwelo litayamba, palibe amene anafuna ntchito yolemba malamulo ake, ndiye Kingstone anaitola ndi manja awiri. Ndime ina inkati woimira udindo ayenera kukhala m'tauni ya Kabwe. Ndime yotsatira anaitengera ku chisankho cha dziko cha masiku amenewo a chipani chimodzi: munthu akatsala yekha, mamembala ankavota Inde kapena Ayi. Papepala, Inde anali ndi chithunzi cha sikelo ya chilungamo, ndipo Ayi anali ndi chithunzi cha chule, monganso pa mapepala a chisankho cha dzikocho.

"Exildah amakhala ku Mpima," anatero Kingstone, akupukuta zala. "Ku Mpima si m'tauni. Akachotsedwa, nditsala ndekha ndi chule. Tandiuza, Kaunselo, chibadwire unamvapo kuti chule wapambana chisankho m'dziko muno?"

Fabian anasuzumira pakhomo asanayankhe. "Sininamvepo."

"Basi."

Loweruka Kingstone anapalasa njinga mpaka ku Mpima kukasonkhanitsa umboni. Anaona pamene phula linkathera. Anaona ng'ombe zikudya m'mbali mwa msewu, anamva belu la kuseminale likulira patali m'minda, ndipo mtima wake unadzaza ndi chimwemwe. Atafunsa njira anapezanso nyumba ya kwa a Daka. Exildah kunalibe, koma amayi ake anamuyalira mphasa, kumupatsa chakumwa chozizira cha munkoyo ndi mtedza wokazinga, n'kumufunsa za makolo ake, tchalitchi chake ndi malipiro ake. Kingstone anayankha zonse mwaulemu, akudziyamikira kuti ali ndi luso lofufuza popanda munthu kuzindikira.

Tsiku lopereka mayina, woyendetsa chisankho anali a Maurice Chibuye, loya wachikulire amene bungwe linkamubwereka pa ntchito zotere chifukwa analibe mbali ndiponso ankakhutira ndi botolo limodzi la mowa. Mayina awiri atawerengedwa, Kingstone anaimirira, anagwira m'mphepete mwa jekete ngati ali m'khoti, n'kupereka dandaulo lake. Anafotokoza tanthauzo la tauni kuyambira nthawi ya Aroma. Anatchula phula, magetsi a mumsewu ndi mipope ya madzi. Za ng'ombe anazisunga kumapeto.

"Ba Daka, muli na yankho?" anafunsa a Chibuye.

Exildah anaimirira pang'ono chabe, dzanja lili pa mpando. "Ku Mpima ni kumunzi, nabvomera. Tili na ng'ombe na mphepo yabwino. Ningafunse ngati ku Kasanda kuli phula, koma lekani." Anatembenukira kwa Kingstone. "Ba Kaunselo, amayi bakupatsani moni. Bafunsa kuti muzabwera liti na bankhoswe. Bakuti ndimwe munthu waulemu, koma malipiro yachepa."

Chipinda chonse chinaphulika. Wina anamenya tebulo mpaka magalasi analira. Kingstone anamva makutu ake akutentha, koma anaima chilili, chifukwa loya sakhala pansi chigamulo chisanaperekedwe. A Chibuye anapukuta misozi n'kugamula kuti dandaulo lamveka, dzina la Exildah lichotsedwe. Umenewu unali mlandu woyamba umene Kingstone anapambana bwinobwino, ndipo pobwerera ku Kasanda anapalasa akuimba mluzu.

Patangopita masiku ochepa, m'chipinda chovalira mikanjo kukhoti munapezeka chithunzi cha chule atavala wigi ya loya ndi magalasi. Amene anajambula anali ndi luso: chuleyo ankaoneka wodekha, wanzeru, munthu woti ungamuuze mavuto ako. Kingstone anaseka nawo mokweza kuti onse aone kuti nthabwala amazidziwa. Tsiku lotsatira chule uja anali ndi mkanjo. Kenako maloya anayamba kupatsana moni wachilendo m'makhonde a khoti.

"Ba Chule bauka bwanji?"

"Bali chabe bwino, bali mu chemba, mu ofesi mwabo."

Kingstone anaona kuti kampeni ikufunikabe, ngakhale ya mwambo chabe. Anayendera mamembala mmodzimmodzi m'maofesi awo. Analonjeza taipi yolembera makalata a bungwe, mabuku a zigamulo zakale, ndi fani m'chipinda chovalira chija, mmene mwezi wa Okutobala munthu ankatuluka ngati wagwa m'chitsime. Aliyense ankamufunsa kuti zimenezi azitenga kuti m'dziko losowa ndi sopo yemwe, ndipo iye ankafotokoza, ndipo pofotokozapo ankalonjezanso zina. Chule sanalonjeze kanthu. Sanabwereke buku la munthu n'kulibweza litathothoka masamba. Sanakonzepo mnzake Chingerezi pamaso pa majisitireti, monga Kingstone anachitira kangapo pofuna kuthandiza.

"Ndingamufunse mafunso bwanji munthu amene kulibe?" anadandaula Kingstone m'kaofesi muja. "Exildah ndikanamupezera chifukwa. Uyu ndimugwira pati?"

Fabian anatseka chitseko n'kutsitsa mawu. "Iwe sunamvetse. Ba guy aba, kuchokera pamene banayamba kuvota, baona chule papepala koma bayopa kumugwira. Manje iwe wabapatsa chule wamene sangamangitse munthu. Uganiza bazamusiya?"

Kingstone anaganizira mawuwa kwa kanthawi, n'kuona kuti yankho lake ndi kukonza zolankhula zamphamvu kwambiri. Anazilemba sabata yathunthu, akuyeseza pamaso pa nkhuku za amayi ake.

Chisankho chinachitika Loweruka masana, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. Mamembala anabwera onse, ngakhale aja amene sankaoneka pa misonkhano. Exildah anakhala kutsogolo akudzipepesa ndi nyuzipepala. A Chibuye anapereka mwayi kwa woimira Inde, ndipo Kingstone anaimirira.

Analankhula za mbiri ya malamulo. Analankhula za ufulu wa dziko ndi udindo wa achinyamata. Anafotokoza za taipi, za mabuku ndi za fani. Ananena mawu a Chilatini n'kuwamasulira, ngakhale onse m'chipindamo anawaphunzira m'kalasi imodzi ndi iye. Anakumbutsa anzake kuti maziko a chilungamo ndi kumva mbali zonse ziwiri, ndipo mfundo imeneyi anaikonda kwambiri mwakuti anaibwereza. Pamene ankakhala pansi, malaya atamata pamsana, anali wotsimikiza kuti m'Kabwe simunamvekepo mawu otere.

A Chibuye anatambasula dzanja kuti atenge mapepala ovotera, koma Exildah anaimirira.

"Ba Chibuye, kamfundo kang'ono. Ba Kaunselo bakamba bwino kuti tifunika kumva mbali zonse ziwiri. Tamva Inde. Nanga Ayi?"

"Ayi ndi chule," anatero Kingstone.

"Ali pa pepala lovotera?"

"Ali, koma..."

"Ndiye ni mbali."

A Chibuye anakanda chibwano. Nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu amene wadikira funso lotere moyo wake wonse. "Ba Kachingwe, mukutsutsa kuti mbali inayo imvedwe?"

Kingstone anatsegula pakamwa. Anayang'ana ndime zonse za malamulo m'mutu mwake, ndipo anapeza kuti loya sangaimirire pagulu n'kunena kuti mbali ina isamvedwe, makamaka loya amene wangonena zimenezo kawiri, kamodzi m'Chilatini.

"Sindikutsutsa," anatero ndi mawu ang'ono.

"Chabwino. Chule apatsidwe nthawi yofanana ndi imene Ba Kachingwe atenga." A Chibuye anavula wotchi n'kuiika patebulo. Wina anakoka mpando wopanda munthu n'kuuika kutsogolo, ndipo onse anakhala chete kuuyang'ana.

Poyamba panali kuseka kobisa. Kenako kunatha. Kunja sitima ya katundu inkagundanitsa mabogi ake, mayi wina ankaitanira zitumbuwa pa geti, ntchentche inkazungulira botolo la a Chibuye. Kamphepo kanalowa pazenera. Anthu anamasula mataye, ena anatambasula miyendo, nkhope zawo zikufewa ngati za anthu amene atula katundu. A Chibuye anatseka maso.

Kingstone anayang'ana wotchi ija. Anaganiza kuti nthawi yatha, koma muvi unali usanayende n'komwe. Anayamba kubwereza zolankhula zake mumtima kuti adziwe pamene afika, ndipo anapeza kuti akadali kwa Aroma. Mpando uja unangokhala phee, mwaulemu. Thukuta linauma pamsana pake n'kuyambanso lina. Anafika pa taipi, matako atachita dzanzi. Mulungu wanga, anaganiza, kodi ndinawasunga anthuwa nthawi yonseyi? Ndipo palibe amene anandiponyera nsapato? Kwa nthawi yoyamba anawaona anzakewo ngati anthu opirira kwambiri, oyenera mtsogoleri wabwino.

Pamene a Chibuye anadzidzimuka n'kulengeza kuti nthawi ya chule yatha, m'manja munaombedwa mwamphamvu mpaka woperekera mowa anasuzumira pakhomo.

"Wakamba zomveka!" anafuula wina kumbuyo.

"Sanabwerezeko olo kamodzi!"

Anavotera kuseri kwa katani, mapepala n'kumaponya m'chitini cha mabisiketi. Kingstone atalowa kuserikoko anayang'ana sikelo, anayang'ana chule, ndipo cholembera chinaima m'malere nthawi yotalikirapo kuposa mmene akanafunira kuvomereza. Anachonga sikelo, koma mopanda mphamvu.

A Chibuye anakhuthula chitini n'kuyamba kugawa mapepala milu iwiri. Mulu wa chule unakwera. Wa sikelo sunafike poti n'kutchedwa mulu. Kingstone anayang'ana Fabian, ndipo Fabian anapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri kudenga.

"Ayi wapambana," analengeza a Chibuye. "Manje, Ba Kachingwe, ndimwe munalemba malamulo. Chule akapambana, chimachitika n'chiyani?"

Kingstone anaimirira. "Malamulo sanenapo kanthu."

"Chifukwa?"

"Sindinaganize kuti zingachitike."

Apa ndiye maloya anasangalala zenizeni, pakuti palibe chimene chimakoma kwa loya kuposa lamulo limene lili ndi bowo. Wina anati chisankho chibwerezedwe, koma mnzake anawerenga ndime ina ya Kingstone yemweyo yonena kuti chisankho chimachitika kamodzi pachaka, osapitirira. Wina anati mpando ukhale wopanda munthu. Wina anati sungakhale wopanda munthu pamene wopambana alipo ndipo walengezedwa. Anakangana ngati chule angalumbire, ngati amakhala m'tauni, ndipo anagwirizana kuti m'ngalande za m'Kabwe achule ndi nzika zakale kuposa maloya. Kingstone anakhala pakona akuganiza za jekete ija pa chingwe, ndi za Kasanda yense.

Exildah ndiye anathetsa mkanganowo. "Ba Kaunselo nonse, munthu akalephera kubwera kukhoti yekha, timachita bwanji? Loya amamuimira. Wapampando wathu sakamba, salemba, sangavale taye. Afunika loya. Ine nipereka dzina la Ba Kachingwe. Ntchito zonse bazagwira ndi beve, kuitana misonkhano, kupanga mipando, kufuna fani ija. Koma mpando ni wa Ba Chule."

"Na malire ya nthawi yokamba!" anawonjezera wa kumbuyo uja.

"Mukuvomera, Ba Kachingwe?" anafunsa a Chibuye.

Munthu wodzilemekeza akanakana. Kingstone anadziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo m'mutu mwake anayamba kukonza mawu okanira, aulemu koma olasa. Mawuwo asanathe kukonzeka anamva pakamwa pake pakufunsa kuti, "Kodi ndi zolankhula za pamaso pa jaji zomwe?"

"Zonse," anatero a Chibuye.

"Ndavomera."

Tsiku lotsegulira khoti, a Saulos anafika m'mawa kwambiri atavala jekete yawo, nakhala pa benchi yakumbuyo chipewa chili pa maondo. Apolisi anaguba panja, jaji analowa ndi mkanjo wofiira, akuluakulu a boma ndi a chipani anadzaza mipando yakutsogolo. Maloya akuluakulu atalankhula, kalaliki anaitana woimira maloya achinyamata. Kingstone anaimirira, mkanjo uli gwa.

Jaji anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinu wapampando wa bungweli?"

"Ayi, Ambuye. Ndikuimira wapampando."

"Ali kuti mwiniwakeyo? Wadwala?"

Kumbuyo kwake Kingstone anamva mabenchi a maloya achinyamata akunjenjemera ndi kuseka kobisa. Loya saloledwa kunamiza khoti.

"Ali bwino, Ambuye. Ndi chule."

Akuluakulu a kutsogolo aja anayang'anana, osadziwa ngati nkhani ya chule wopambana chisankho ndi yoseketsa kapena yoitanira apolisi. Jaji anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, milomo yake ikulimbana ndi chinachake.

"Wakupatsani malangizo otani kasitomala wanuyo?"

"Akuti ndifupikitse, Ambuye."

"Ndi kasitomala wanzeru. Pitirizani."

Kingstone anathokoza khoti, anapempha fani ya m'chipinda chovalira, analonjeza kuti maloya achinyamata azifika pa nthawi yake, n'kukhala pansi. Aroma sanawatchule. Exildah, amene anakhala pambali pake, anamugunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Apa mwakamba monga loya."

Mwambo utatha anapeza bambo ake panja, pansi pa mtengo, akupukuta thukuta ndi chipewa. Kingstone anayamba kufotokoza za ndime ndi za bowo la m'malamulo, koma mdalayo anamudula.

"Ndamva zonse, Chingerezi cha kumgodi chimandikwanira. Bwana wako ndi chule."

"Ndi nkhani ya malamulo, bambo."

"Ine ndinagwira ntchito zaka zonse zija pansi pa mabwana a kutsidya kwa nyanja amene sindinawaonepo nkhope. Wakoyu timagona naye kuseri kwa bafa." Anavala chipewa. "Koma jaji wakuyankhula, ndipo ndaona ndi maso angawa. Zinazo ku Kasanda sitikanena. Katenge njinga yako kumene umaibisa kuja, undikweze, nsapatozi zandiluma."